MKUNGUDZA WA M'NYUMBA YA MULUNGU

Moni kwa inu a pa Ulongwe pano, a m'midzi ya kwa Kalembo, a ku Liwonde, a m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndi inu a kutsidya kwa Shire ku Machinga. Mayi amene muli pamoto, musasiye kuvundula nsimayo, khutu lokha lindipatseni. Bambo amene mwangofika kumene ndi njinga, khalani pansi mupume. Ndi inu amene muli pa mphasa ya matenda, Mulungu sanakuiwaleni. Aleluya!

Amene muli ndi Baibulo, tsegulani Masalimo 92, muike chala pa ndime 12 mpaka 14. Muwerenge nokha kunyumbako, mokweza, ana amve. Pamenepo wamasalimo akufuna kutionetsa mmene munthu wolungama amaonekera, ndipo akutitengera kunkhalango. Akutiloza mtengo umene Baibulo lathu la Chichewa limautcha mkungudza, wa ku Lebanoni. Akutiuza zinthu zitatu za munthu ameneyu: malo amene anadzalidwa ndi pabwalo la Mulungu, amakula, ndipo ngakhale imvi zitamera amakhalabe wobiriwira ndi wobala. Mutu wa uthenga wanga lero ndi umenewu: mkungudza wa m'nyumba ya Mulungu.

MTENGO UMENE SOLOMO ANAUFUNA

Nchifukwa chiyani Mzimu wa Mulungu anasankha mkungudza, osati mpapaya? Mpapaya umakula msanga, chaka chimodzi wayamba kale kubala, koma mphepo ya mwera ikangolimba pang'ono umathyoka, ndipo mkati mwake ndi mphako yokhayokha. Mkungudza ndi wina. Umakula mochedwa, pamwamba pa phiri, pamene pali chisanu ndi mphepo. Suyoyola masamba m'chilimwe. Thabwa lake limanunkhira, ndipo siliola msanga.

Mukawerenga 1 Mafumu chaputala 5 mupeza kuti Solomo pofuna kumanga kachisi anatuma uthenga kwa Hiramu, mfumu ya ku Turo, kupempha mikungudza. Analemba amuna 30,000, ndipo mwezi uliwonse 10,000 ankapita ku Lebanoni kukagwira ntchito, anzawo ali kunyumba kudikira nthawi yawo. Mitengoyo ankaimanga pamodzi n'kuiyandamitsa panyanja. Chaputala 6 chikutiuza kuti mkati mwa kachisi anakuta ndi matabwa a mkungudza mpaka mwala sunkaonekanso. Munthu akalowa, fungo loyamba kumulandira linali la mkungudza.

Tsono mvetserani, abale anga. Enafe tikamawerenga ndime zimenezi timaganiza kuti ndi nkhani za kutali, za maiko a m'Baibulo. Ayi. Mulungu anatipatsa ife Amalawi mkungudza wathuwathu. Suli wofanana ndendende ndi wa ku Lebanoni, koma makhalidwe ake ndi omwewo: wobiriwira chaka chonse, wonunkhira, ndipo chiswe chimauopa. Umamera pa phiri la Mulanje, m'zigwa za pamwamba, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000. Dziko lonse lapansi mungalizungulire, simudzapeza malo ena amene mtengo umenewu unamera wokha, koma pa Mulanje basi. Akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, potengera dzina la Alexander Whyte, mzungu amene anatola nthambi zake m'zaka za m'ma 1890. Ukakula bwino umafika mamita 40. M'chaka cha 1984, pulezidenti woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, anaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko la Malawi.

Mtengo wa fuko! Koma lero uli kuti? M'chaka cha 2017 anthu anakwera phiri lija kukawerenga mikungudza yaikulu, yobereka mbewu. Anapeza 7. Sindinalakwitse kuwerenga, mayi. Sindinati 7,000, sindinati 700. Ndati 7. Ndipo pofika 2018 zinamveka kuti nayonso yatha. Inapita ndi macheka. Matabwa ake ali m'madenga a nyumba, ali m'maboti, ali m'timabokosi tonunkhira timene alendo amagula m'mbali mwa msewu. Yotsala yaing'onoyo moto wolusa unkaipsereza chaka ndi chaka.

Ndikufunseni funso. Ndani anamaliza mkungudza wa pa Mulanje? Mukafunsa wocheka aliyense akuuzani kuti, "Ine ndinangodula umodzi, ana anga analibe chakudya." Wonyamula thabwa pamutu kutsika nalo phiri akuti, "Ine ndinangolembedwa ganyu." Wogula akuti, "Ine ndinapeza atacheka kale." Amene anatseka maso atalandira kenakake m'manja akuti, "Ndikanakana ine akanalandira wina." Aliyense ali ndi yankho, koma phiri lili mbee. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwambi umenewu timaukonda pa nkhani ya kusunga ndalama, koma umagwiranso ntchito pa kuononga. Tchimo limatero. Banja silitha tsiku limodzi. Mpingo sutha tsiku limodzi. Munthu amene anali pamoto wa pemphero sazizira tsiku limodzi. Kumakhala kudula kamodzikamodzi, ndipo nthawi iliyonse pali chifukwa chomveka.

MATOPE A KU NSAPATO

Tsopano ndikutengereni kutali, ku dziko la New Zealand, kuseri kwa Australia. Kumeneko kuli mtengo wotchedwa kauri. Nawonso suyoyola masamba, ndipo uli m'gulu la mitengo yobereka mbewu m'zibalobalo zolimba, monga paini ndi mkungudza. Eni nthaka a kumeneko, Amaori, amaulemekeza kwambiri. Waukulu kuposa yonse uli m'nkhalango ya Waipoua, ndipo anaupatsa dzina loti Tane Mahuta, dzina la amene m'chikhulupiriro cha makolo awo ndi mwini nkhalango. Kutalika kwake kumapitirira mamita 45. Kuzungulira thunthu lake ndi mamita oposa 13, kutanthauza kuti pafunika anthu akuluakulu ngati 8 ogwirana manja kuti auzungulire. Inu a kuno mumadziwa milambe, ndiye mukhoza kuona m'maganizo. Akatswiri amati zaka zake zili pakati pa 1,250 ndi 2,500. Mwina pamene Ambuye Yesu ankayenda m'mbali mwa nyanja ya Galileya, mtengo umenewu unali utamera kale.

Mitengo ya kauri inaona nkhwangwa ngati mkungudza wathu. M'zaka za m'ma 1800 azungu anaidula yambirimbiri, kupangira zombo ndi nyumba, ndipo utomoni wake ankaukumba pansi n'kumagulitsa. Yotsalayo inatetezedwa, ndipo nkhalango ya Waipoua anaipatula m'chaka cha 1952. Anthu anati basi, kauri wapulumuka.

Koma kunabwera mdani wina amene alibe nkhwangwa. Ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kokhala m'dothi, kotchedwa Phytophthora agathidicida. Kamalowa ku mizu n'kuyamba kuiwoletsa. Pamwamba mtengo umaoneka bwinobwino kwa zaka. Kenako utomoni umayamba kutuluka patsinde ngati chilonda, masamba amachita chikasu, nthambi zimauma, mtengo waima chiimire koma wafa. Mankhwala ochiziratu sanapezeke. Ndipo mukudziwa mmene kachilomboka kamayendera? Pa matope. Kadothi kochepa kwambiri kokakamira kunsi kwa nsapato nkokwanira. Amene amakanyamula ambiri si adani a mtengowo. Ndi alendo oukonda, amene ayenda ulendo wautali kudzauona, kudzajambulitsa pafupi nawo. Abwera ndi chikondi mumtima, imfa ili kunsapato.

O, Mzimu Woyera tithandizeni pamenepa! Mbale wanga, mlongo wanga, pali mabanja amene anapulumuka nkhwangwa. Njala ya 2002 inabwera, anapirira. Maliro anagwa, anapirira. Namondwe Freddy anawomba mu March 2023, anapirira. Koma lero banja lomwelo likuuma chifukwa cha kadothi kamene mlamu anabwera nako pa nsapato: "Achimwene, kodi mukudziwa zimene akazi anu amanena kuchigayo?" Mawu ochepa, ndipo wowanenayo akuti akukufunirani zabwino. Pali mipingo imene inayambira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwanyowetsa, anthu akuwaseka, koma sanabwerere m'mbuyo. Lero ali ndi tchalitchi cha malata, koma mizu ikuola chifukwa cha miseche ya pa WhatsApp. Wina walandira nkhani, sanafunse ngati ndi yoona, wangoikankhira kwa anzake 50. Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndikuwonjezera kuti phazilonso uliyang'ane, waponda pati usanalowe m'nyumba ya mnzako.

Tamverani zimene anachita a ku New Zealand. Pakhomo lolowera m'nkhalango anaika malo otsukira nsapato. Pali burashi, pali mankhwala opopera. Kaya ndiwe nduna, kaya ndiwe mwana wa sukulu, uyenera kuima, kukwecha nsapato, kupopera, ndiye ulowe. Potuluka chimodzimodzi. Anamanganso tinjira ta matabwa tokwera m'mwamba kuti phazi lisaponde mizu, pakuti mizu yodyera ya kauri ili pamwamba penipeni, pansi pa masamba ofota. Ndipo mu December 2017, fuko la Amaori lotchedwa Te Kawerau a Maki linaika chiletso cha makolo chimene amachitcha rahui pa nkhalango ya Waitakere, pafupi ndi mzinda wa Auckland. Anati anthu ayambe aleka kulowamo, nkhalango ipume. Ena anadandaula, pakuti ankakonda kuyendamo. Koma eni ake anaona kuti kuli bwino kuusowa mtengo kwa kanthawi kusiyana ndi kuutaya mpaka kalekale.

Kodi si zimene Ambuye anachita pa Yohane chaputala 13? Usiku womaliza uja anatenga beseni ndi nsalu, nayamba kutsuka mapazi a ophunzira. Petro anakana, kenako anafuna kusambitsidwa thupi lonse. Ambuye anamuonetsa kuti munthu wosamba kale chimene chimamuvuta ndi mapazi, chifukwa mapazi ndi amene amayenda m'fumbi. Unabadwa mwatsopano, inde. Unabatizidwa m'madzi ambiri, inde. Umalankhula malilime, aleluya. Koma sabata ino wayenda pamsika, wakhala m'minibasi, wamva zambiri, waona zambiri pafoni. Usanalowe m'nyumba mwako madzulo, ima pakhomo la mtima. Uza Yesu kuti, "Ambuye, mkwiyo wa kuntchito uwu usafike kwa ana anga. Nkhani ndamva ija ithere pompano." Kumeneko ndiye kutsuka nsapato.

CHITSA CHOSAFA

Pali chinthu china cha mtengo wa kauri chimene chimandipatsa chimwemwe. M'chaka cha 2019 akatswiri awiri a pa Auckland University of Technology, a Sebastian Leuzinger ndi a Martin Bader, anafalitsa zimene anapeza m'nkhalango ya Waitakere ija. Anaona chitsa cha kauri, chopanda nthambi, chopanda tsamba ngakhale limodzi, koma chili moyo. Inu alimi mukudziwa kuti mtengo umapanga chakudya ndi masamba. Tsono chitsa chopanda masamba chikudya chiyani? Atayeza mmene madzi akuyendera, anapeza kuti madzi a m'chitsacho akuyenda mogwirizana ndi a m'mitengo yoyandikana nayo. Masana, pamene mitengo yamasamba ikukoka madzi ambiri, m'chitsa mumayenda ochepa. Usiku, mitengo ija ikapuma, chitsa chimalandira. Mizu yake inalumikizana ndi mizu ya anzake pansi pa nthaka, pamene diso siliona.

Aleluya! Ndikulankhula ndi wina madzulo ano amene moyo unamudula. Mayi wamasiye, amuna anu atamwalira achibale anabwera kudzatenga njinga, mbuzi ndi malata, munatsala chitsa. Bambo amene munapita ku Joni ndi chiyembekezo n'kubwerako ndi kachikwama kokha, anthu akukulozani chala. Gogo amene maso anachita khungu, simungathenso kufika kutchalitchi. Mukuti, "Ine ndilibe tsamba, ndilibe chopereka, ndine wa chiyani?" Mverani: ngati mizu yanu ili yolumikizana ndi Khristu ndi abale, simufa. Paulo pa Agalatiya 6 ndime 2 akutilamula kusenzerana zolemetsa. Mpingo weniweni umaoneka usiku, pamene kwaya yasiya kuimba, pamene mlongo wanyamula kambale ka ufa kupita nako kwa wamasiye popanda kulengeza.

Ndipo inu mitengo yamasamba, inu amene zinthu zikukuyenderani, musanyoze chitsa. Mizu yake yakale ija ikugwira nthaka imene inu mwaimapo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Agogo amene amakhala kumbuyo kwa tchalitchi osamva bwino aja, ndi amene anapempherera malo amenewo inu musanabadwe. Salimo lathu lija likuti wolungama amabalabe mu ukalamba. Chipatso cha nkhalamba ndi pemphero ndi malangizo. Mpingo wotaya nkhalamba zake uli ngati Mulanje wopanda mikungudza yaikulu: mbande zilipo, koma yogwetsa mbewu palibe.

Koma akatswiri omwewo anachenjezanso kuti mizu yolumikizana ikhoza kupatsirana matenda. Njira imene imadutsa madzi ndi yomweyo imene ingadutse kachilombo. Nchifukwa chake tchimo lako si lako wekha. Akani anabisa katundu m'hema wake yekha, koma pa Yoswa chaputala 7 amene anagonja ku Ai ndi Israele yense. Tili olumikizana, abale. Chimene ukulowetsa m'moyo wako chifika kwa mkazi wako, kwa ana ako, kwa amene umakhala naye pa benchi Lamulungu.

KODI TIZIPEMBEDZA MITENGO?

Ndikudziwa kuti wina akufunsa kuti, "Abusa, lero mwatani? Mukutamanda anthu olemekeza mitengo?" Mundimvetse bwino. Ife sitigwadira mtengo. Aroma chaputala 1 akutichenjeza za kupembedza cholengedwa m'malo mwa Mlengi. Makolo athu ankathira nsembe patsinde pa msolo, ena ankaopa mizimu ya pa Sapitwa. Ife tinapeza Mkhalapakati mmodzi, Yesu Khristu, ndipo sitibwerera.

Koma ndili ndi funso limene likundisowetsa tulo. Yendani kuchokera pa Ulongwe kupita ku Liwonde, kapena kulowera ku Mangochi. Yang'anani uku ndi uku. Kupatula milambe, imene siipereka makala abwino, ndi mango a pakhomo, mitengo yachilengedwe yowirira yatsala pati? Kumanda. Mukaona kankhalango kobiriwira pakati pa minda, simufunsanso, mukudziwa kuti pamenepo pagona anthu. Palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa kukaotcha makala. Chifukwa chiyani? Mantha. Tsono ndiuzeni, ana a Mulungu: kuopa akufa kwasunga mitengo, nanga kukonda Mulungu wamoyo kwasunga chiyani? Ife amene timaimba kuti dziko lonse ndi la Yehova, tingalephere kuchita chifukwa cha chikondi zimene ena amachita chifukwa cha mantha?

Ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu, pa Genesis 2 ndime 15, inali yolima munda ndi kuusunga. Tchimo lisanalowe, ntchito imeneyi inalipo kale. Pa Deuteronomo 20 ndime 19, ngakhale pa nthawi ya nkhondo, Mulungu analetsa asilikali kugwetsa mitengo ya zipatso ya mzinda umene auzinga. Abrahamu, tate wa chikhulupiriro, anadzala mtengo ku Beereseba n'kupemphera pomwepo kwa Mulungu wosatha. Sanapembedze mtengowo. Anaudzala, napembedza Mulungu. Kumasulidwa ku mantha a mizimu sikutipatsa chilolezo chometa dziko la Atate wathu mpala.

Tikamadula mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, mvula ikagwa madzi sapeza chowagwira. Amathamanga, amakokolola nthaka yachonde, amakaitaya mu Shire. Zitsime zimaphwa msanga. Amayi amadzuka nkhuku zisanalire kukafuna nkhuni kutali. Kenako timasonkhana kumapiri kusala kudya, kudzudzula mzimu wa chilala. Kupemphera nkwabwino, ndipo sitisiya. Koma pali ziwanda zina zimene dzina lake ndi nkhwangwa yathu yomwe.

KWA INU A MAKALA

Tsopano ndilankhule ndi inu abale anga ootcha makala, chifukwa ndikudziwa kuti mukumvetsera, ndipo ena ndinu a mumpingo mwathu. Sindikuponyerani mwala. Ndikudziwa kuti simukwera njinga ndi matumba atatu usiku chifukwa chokonda. Mvula ya kuno ku Balaka ndi yonyenga, chimanga chimapserera chili ndi ngaiyaye, mwana akufuna fizi, wodwala akufuna thiransipoti ya kuchipatala. Ndipo makala amenewo amene amaphikira ndi ife tomwe, abusa ndi madikoni, ndi abale athu a m'tauni. Ngati pali mlandu, tonse tili m'bwalo.

Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Tsanya amene mukudula lero anatenga zaka zambiri kuti afike pamenepo, ndipo ng'anjo imamudya masiku ochepa. Chaka chilichonse mukupita kutali kuposa chaka chatha. Ena afika polowa m'nkhalango ya Liwonde, kumene kuli njovu, kuli mikango, kulinso lamulo. Mwana wanu adzadula chiyani? Zimene zinachitika pa Mulanje zikhoza kuchitika kuno, ndipo tsiku limenelo ocheka ndi ootcha ndi amene adzayambe kulira, pakuti ntchito idzatha pamodzi ndi mitengo.

Chiyembekezo chilipo. Yobu chaputala 14, kuyambira ndime 7, akunena kuti mtengo wodulidwa sunathe, ukangomva chinyezi umaphukanso. Pa Mulanje anthu sanakhale manja lende. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a Forestry Research Institute of Malawi a ku Zomba ndi anzawo akunja, anathandiza anthu a m'midzi yozungulira phiri kukhazikitsa manazale. Mbande zoposa 500,000 zabwezeredwa paphiri. Ndipo mbewu zina zinachokera ku mikungudza imene anthu akale anadzala pa phiri la Zomba, phiri lomwe timalidutsa popita ku Blantyre. Amene anadzala mitengo imeneyo anamwalira kalekale. Sankadziwa kuti tsiku lina fuko lidzadalira ntchito ya manja awo. Amene akudzala lero nawonso sadzacheka thabwa lake. Akudzalira zidzukulu. Chimenecho ndi chikhulupiriro chooneka ndi maso.

Mkungudza sungamere kuno kwathu, kukutentha. Koma Mulungu anatipatsa yathu. Ndikupempha zinthu zinayi, ndipo ndikufuna atsogoleri a nthambi zathu zonse azilembe.

Choyamba, m'munda mwanu muli zitsa zimene zimaphuka chaka chilichonse, inu n'kumazisadza polima. Chaka chino musazisadze zonse. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, zinazo dulani, zotsalazo zisamaleni. Mizu ilipo kale pansi, ndiye zimakula msanga kuposa mbande. Simulipira kalikonse.

Chachiwiri, nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April. Banja lililonse lidzale mitengo, ndipo mwana aliyense akhale ndi wake woti aziuthirira ndi kuutchingira mbuzi. Dzalani nsangu m'munda, pakuti umagwetsa masamba nthawi ya dzinja, sutchinga chimanga, ndipo umawonjezera chonde. Dzalani mbawa, bwemba, mango, nimu. Kudzala kokha sikokwanira. Mtengo wongodzala n'kuusiya uli ngati munthu wotembenuka mtima pa msonkhano wachitsitsimutso amene palibe anamuyendera.

Chachitatu, amayi, mbaula ya dothi ija ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mapesi a nandolo amayaka bwino mmenemo. A bungwe la amayi, phunzitsanani.

Chachinayi, anyamata osaka mbewa, moto umene mumayatsa mu September umapha mitengo yaing'ono yambiri. Pa Mulanje mdani wamkulu wa mbande zija ndi moto womwewo. Yakobo akufanizira lilime ndi kamoto kakang'ono kotha nkhalango yaikulu. Samalani machesi, samalaninso lilime.

Ndipo pa ntchito imeneyi musasankhe. Anansi athu achisilamu, anzathu a Katolika, a CCAP, mfumu ya m'mudzi, tonse timamwa chitsime chimodzi. Mutu umodzi susenza denga. Mthunzi sufunsa kuti umapemphera kuti.

WADZALIDWA PATI?

Ndisanatseke, ndibwerere ku salimo lathu. Chinsinsi cha mkungudza uja chili pa malo amene unadzalidwa. Pali Akhristu ena amene ali ngati mbande ya m'chubu. Lero ili pano, mawa ainyamula kupita kwa mneneri wakuti, mkuja kwa mtumwi wakuti, kufuna mafuta, kufuna madzi, kufuna chozizwa cha msangamsanga. Mbande yokhalitsa m'chubu mizu yake imapotana, ndipo siidzakhala mtengo. Ng'amba chubu, mbale. Lowa m'nthaka. Khala pansi pa Mawu, pirira chilimwe, lola abale akudziwe ndi kukudzudzula. M'mera mpoyamba.

Ndipo ngati ukumva kuti ndiwe chitsa chotheratu, kumbukira kuti Yesaya chaputala 11 anaona banja la Jese litadulidwa, ufumu utatha, koma pa chitsa chomwecho panatuluka mphukira. Mphukira imeneyo ndi Yesu. Iye anapachikidwa pa mtengo wouma kuti iwe ndi ine tikhale mitengo yamoyo. Ngati sunamulandire, usiku uno ndi wako.

Pamene mulipo, ikani dzanja pamtima tipemphere.

Atate wakumwamba, Mlengi wa mkungudza ndi mlambe, tikubwera pamaso panu m'dzina la Yesu. Tikhululukireni pamene taononga munda umene munatisungitsa. Tsukani mapazi athu, Ambuye, tisalowetse imfa m'nyumba za abale athu. Ndikupempherera mayi wamasiye, ndikupempherera mnyamata wosowa ntchito, ndikupempherera bambo wa makala: mutsegulireni khomo lina la chakudya. Amene adulidwa, aphukenso. Amene akuuma ndi matenda, alandire machiritso tsopano, m'dzina la Yesu. Tipatseni mvula yabwino chaka chino, ndipo mutipatse manja odzala. Amene akukulandirani usiku uno, adzaleni m'nyumba mwanu, asazulidwenso. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ngati mwapemphera pemphero limeneli koyamba, Lamulungu likubwerali pitani ku mpingo wokhulupirira Baibulo umene muli nawo pafupi, mukauze abusa kapena akulu a mpingo zimene zachitika. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Ambuye akudalitseni, akusungeni, inu ndi a m'nyumba mwanu. Amen.